Rahila ndi Mvuu ya ku Chia

Ine ndi Rahila Kalilu tinaphunzira limodzi mpaka Fomu 2. Ine ndinakwatiwa, iye anayamba kulemba nkhani n'kumazitumiza pa positi ku nyuzipepala ina ya ku Blantyre. Kwathu kuno tinali tisanaonepo mkazi akugwira ntchito imeneyi. Ankapalasa njinga kuchokera ku Benga mpaka ku Dwangwa, kope ndi kamera zili m'dengu. Anthu ankangomutcha Mayi Nyuzi.

Mu 1974 mvuu inayamba kudya mpunga wa azimayi a ku Chia. Rahila analemba kawiri, koma mkonzi anayankha kuti popanda chithunzi sasindikiza, ndipo ngati ntchito yamukulira atumiza mwamuna. Masana mvuuyo inkakhala kuseri kwa mabango, kofikako ndi bwato basi.

Asodzi anakana kumutenga. A Fakiri, mkulu wawo, anati mkazi akakwera bwato la ukonde nsomba zimathawa mwezi wathunthu. Anawonjezera kuti ngati akufuna chinthu chonenepa, angowajambula iwowo.

M'mawa mwake Rahila anafika kwathu. Bwato la malemu amuna anga linali litatha chaka lili chivundikire pansi pa mtengo wa mango.

"Mariamu, bwato ili lili ndi nsomba zoti zithawe?"

Ndinati lilibe, komanso kuti ine kupalasa sindidziwa. Iye anati nayenso sadziwa, ndiye tafanana.

Tinazungulira pamalo amodzi kanthawi ndithu, asodzi akugwa ndi phwete pagombe. Kenaka bwato linayamba kutimvera. Mvuu itavuuka n'kuyasamula, nkhafi inandipulumuka m'manja. Rahila anayamba wajambula kaye, kenaka n'kundipatsa mbale yokapira madzi. Tinabwerera tikupalasa ndi mbale imeneyo.

Patapita masabata atatu chithunzi chinatuluka: kukamwa kwa mvuu, ndi chigongono changa pakona. Pansi pake panali dzina la Rahila, lonse lathunthu. Oyang'anira nyama zakutchire anabwera kudzathana ndi mvuuyo, ndipo mpunga wotsalawo azimayi aja anakolola. Za kutumiza mwamuna mkonzi sanazitchulenso. Rahila analembera nyuzipepalayo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Patatha mwezi chithunzi chija chitatuluka, a Fakiri anamupempha akalembe za achifwamba amene ankadula maukonde awo, nanena kuti bwato lawo lilipo.

"Nanga nsomba zija, bambo?"

A Fakiri anakanda ndevu. "Mwanangu, tinazifunsa. Zati mtolankhani sizimuthawa."