Khukhi Paison ndi Buledi Wophika Kawiri

Paison anachoka kwa Champiti m'chaka cha 1938, atangokhala m'banja miyezi isanu. Anatsanzika mkazi wake Sellina kuti akukagwira ntchito ku Halale ndipo abwera chimanga chisanakhwime. Chimanga chinakhwima kasanu ndi kanayi iye osaoneka, mpaka anthu anamuika m'gulu la matchona, amuna aja oiwala njira yakwawo.

Komabe tiyenera kumuweruza mwachilungamo. Paison sanali waulesi kapena chidakwa. Anayamba ndi kutsuka mbale m'nyumba ya mzungu wina wogwira ntchito ku njanji, nakwera pang'onopang'ono mpaka anakhala khukhi. Cholakwa chake chinali chimodzi: ankakhulupirira kuti luso limaposa katundu. Choncho pamene anzake ankabwerera ndi njinga, mabulangete ndi makina osokera, iye anatsika lole pa Boma m'chaka cha 1947 atanyamula chiwaya chakuya chachitsulo, foloko yaikulu ndi chipewa choyera cha kukhitchini.

Apongozi ake, a Nangondo, anaona katunduyo ali chapatali, pakuti mwambo sunkalola mkamwini ndi apongozi kuyang'anana kumaso, ndipo ananena kuti ukwati uthe. Panali kale mwamuna wina wa ku Sharpevale, mwini ngolo, amene ankafunsira Sellina. A Maliro, malume ake a Sellina amenenso anali nkhoswe ya banjalo, anasankha Loweruka m'mawa kuti nkhaniyo ikambidwe. Paison anapempha chinthu chimodzi chokha: asanamupitikitse, ayambe alawa chimene anakaphunzira.

Lachitatu anayenda wapansi mpaka pa Boma, nagula buledi muwiri m'sitolo ya Mmwenye, nadzamupachika kudenga.

"Bambo, buledi uja akuuma," anatero Sellina Lachisanu. "Bwanji osadya akadali wofewa?"

"Afunika aume ndithu. Wofewa amaphwanyika m'mafuta."

"Zaka zonsezi mumaphunzira kuumitsa buledi? Kuno dzuwa limaumitsa osapita ku Halale."

Loweruka Paison anasonkha moto pabwalo, podziwa kuti mwamuna kulowa m'khitchini ya akazi ukanakhala mlandu wachiwiri. Anavala chipewa chake, nasungunula mafuta a nkhumba mpaka anafika pakati pa chiwaya. A Nangondo anakhala kuseri kwa nkhokwe atafulatira, ndipo a Maliro anaima pakati kuti azinyamula mawu, ngakhale kuti aliyense ankamva mnzake bwinobwino.

M'mbale yaikulu Paison anathiramo ufa wa tirigu, mkaka, shuga ndi kamchere. Kenaka panamveka kuti phwa!

"Achimwene," anatero mawu kuseri kwa nkhokwe, "afunseni alendowo kuti chasweka n'chiyani."

"Akufunsa kuti chasweka n'chiyani."

"Auzeni kuti ndi dzira, malume."

"Akuti ndi dzira."

"Ndamva, sindine gonthi. La nkhuku ya yani?"

Mazira onse asanu ndi limodzi Paison anawatola m'chisa cha nkhuku yamawanga ya apongozi omwewo, imene inali pafupi kufungatira.

Apa panakumana nzeru ziwiri, ndipo si bwino kunyoza iliyonse. Kwa a Nangondo dzira silinali chakudya koma nkhuku imene sinayambe kuyenda, kotero kuswa asanu ndi limodzi kunali kupha khola lonse m'mawa umodzi. Kwa Paison dzira linali guluu wogwirizanitsa ufa ndi mkaka. Onse ankanena zoona, koma nkhuku inali ya mmodzi.

Paison anapitiriza ngati sakumva. Anadula buledi mochindikala ngati zala ziwiri, naviika chidutswa chilichonse m'phala la mazira lija mpaka chinavala mbali zonse, nachitsitsira m'mafuta otentha. Chinamira, chinalira, chinayandama chitatupa, ndipo atachitembenuza ndi foloko chinali chitafiira bwino. Anachivuula, nawazapo shuga. Fungo linazungulira nkhokwe popanda kudzera kwa nkhoswe.

"Achimwene, kodi buledi si chinthu chophikaphika? Afunseni ngati kumundanso adzalime polimalima."

"Auzeni, malume, kuti koyamba anaphika Mmwenye. Ine ndikukonza zimene iye analakwitsa."

Atakazinga zidutswa zokwanira, Paison anachita chimene mwamuna aliyense wachikondi akanachita, ndipo n'chimene chinatsala pang'ono kumumaliza. Anasankha chidutswa chokongola koposa, napereka kwa Sellina. Akazi amene anali pabwalo anakuwa onse pamodzi. Zaka za m'khitchini ya azungu zinamuiwalitsa kuti kwawo mkazi woti adzabereka sadya mazira.

"Mwaonatu!" anafuula a Nangondo, osadikiranso nkhoswe. "Anamusiya mwana wanga wopanda khanda kumsana, lero abwera kudzamutseka mimba ndi mazira a nkhuku yanga yomwe! Aitaneni a ngolo aja."

Paison anavula chipewa, nagwada moyang'ana kutchire monga mwa ulemu, nayamba kudziteteza.

"Malume, ndikupempha mundionetse dzira m'chakudyachi. Chikungwa chili kuti? Yolk..." 

Anadzigwira pakamwa, nayambiranso m'chinenero cha kwawo. "Chachikasu chija chili kuti? Dzira linalowa, inde, koma linathera m'ufa. Chimene chatha sichingatseke munthu mimba."

A Maliro anati nkhoswe siweruza chinthu chimene sinachifufuze. Anadya chidutswa chimodzi, natsinzina. Anadya chachiwiri, nanena kuti dzira sakulipeza, koma mwina labisala m'chachitatu.

"Lilime la mwamuna lidziwa chiyani pa nkhani ya akazi?" anatero a Nangondo. "Bweretsani kuno. Ine kubereka ndinamaliza. Ngati muli tsoka, ligwere ine."

Mbale inapita kuseri kwa nkhokwe. Pabwalo pankangomveka kukhukhuta. Mbale inabwerera yopanda kanthu.

"Sindinamvetsetse," anatero a Nangondo. "Akazingenso."

Paison anakazinga, mbale inapita, mbale inabwera. Pamene buledi wachiwiri ankatha, thukuta linali litamunyowetsa malaya, ndipo a Maliro ankayang'ana mbale yodutsayo ngati munthu woperekeza maliro a mbale wake.

Pomaliza a Nangondo anatsokomola, napereka chigamulo. Dzira linalimo, anatero, ndipo linali lamphamvu kwambiri. Mwana wawo asayerekeze kukhudza. Koma munthu wodziwa kupanga chinthu choopsa chotere sangatayidwe kuti azikayendayenda m'midzi ya eni, kumene kuli atsikana osadziwa kanthu. Ayenera kukhala pomwepo, pamaso pa akuluakulu, ndipo Loweruka lililonse iwo eni adzipereka kuyesa ngati mphamvu ya dzirayo ikuchepa. A ngolo auzidwe kuti malo kulibe.

Motero Paison anakhala kwa Champiti moyo wake wonse. Mbatata ankalima mosalongosoka, mizere yake inali yokhota, koma Lachitatu lililonse ankaoneka panjira ya ku Boma, ndipo mphamvu ya dzira sinachepe mpaka apongozi ake anakalamba. Iye ndi Sellina anabereka ana asanu. Wachisanu atayamba kuyenda, Sellina anaulula kwa mwamuna wake kuti zidutswa zimene zinkasowa pa mbale kuyambira Loweruka lachiwiri sankaba ndi galu, ankadya ndi iye mwini. Paison anafuna kuthamangira kunkhokwe kukalengeza kuti mtsutso wapambana ndi iye, koma mkazi wake anamukoka malaya, namukhazika pansi.