Mluzu wa Malume

Malume anga ndi makaniko, koma mukawafunsa za ntchito amayamba kukamba za nkhunda. Anali nazo makumi anayi padenga la galaja yawo. Akaweruka ankapukuta manja n'kuimba mluzu kawiri, nkhunda zonse n'kutsika kudzawatera pamapewa. Mwana sanaberekepo, ndiye musadabwe.

Tsiku lina chogwirira cha jeke yonyamulira galimoto chinawamenya pakamwa, mano anayi a m'mwamba n'kuguluka. Kuchipatala anawapatsa mano ovala, aja ogona m'kapu. Kwa zaka zambiri ankaimba mluzu atawagwirizira ndi chala, mpaka manowo anayamba kukhwepa. Akati aimbe, ankafwamphuka n'kugwera mu oyilo.

Ndine ndinawaperekeza kwa dokotala wa mano, mayi wosathamanga polankhula. Anatisonyeza chithunzi cha nsagwada zawo.

"Bambo, pamene palibe dzino fupa limatha. Lanuli lapyapyala, timisomali tozikapo mano sitingagwire. Tiyambe tawonjezera fupa, likagwirana ndiye tidzaike mano."

"Mawa?"

"Miyezi isanu ndi umodzi. Milungu yoyambayi osavala mano aja, osamina, osapemerera chilichonse. Mluzu ayi."

Malume anavomera ngati mwana wa sukulu. Ine ndinadziwiratu kuti akunama, anthu amenewa ndimawadziwa.

Opaleshoni itachitika, akazi awo, amene nkhundazo ankadana nazo chifukwa choipitsira zovala pachingwe, anayamba kuzidyetsa. Ankangogwedeza chitini cha chakudya, zochepa n'kubwera. Malume ankaonerera pazenera, tsaya litatupa, mtima ukuwawa.

Anapirira masiku khumi okha. Tsiku lotsatira anakwera padenga, zala ziwiri m'kamwa, n'kupemerera ndi mphamvu zonse. Mluzu sunamveke, koma magazi anatuluka m'mphuno. Ulusi umene dokotala anasokera unaduka, bala linatukusira, fupa lija silinagwire.

"Malume, mwachitiranji zimenezi?" ndinawakalipira tili pamzere kuchipatala.

"Iwe, zimandiyang'anatu zija. Zikudabwa kuti bambo awo akhaliranji chete."

Ndinapsa mtima, komanso ndinawamvera chisoni. Dokotala sanakalipe. Anangoti tidikire chilonda chipole, kenako tiyambirenso.

Ulendo wachiwiri anamvera. Anadya zofewa mpaka buluku linayamba kutsika lokha. Akafuna kuyetsemula ankayasamula kukamwa monga anauzidwira, makasitomala n'kumaseka. Kudikira fupa, kudikira timisomali, kudikira mano: chaka ndi theka chinatha. Nkhunda zakale zina zinafa, zina zinasochera, ndipo m'khola munadzaza ana.

Tsiku limene anawaika mano sanafune n'kudziyang'anira pagalasi pomwe. Tinapita molunjika kugalaja. Anakwera padenga, anakonza kukhosi, n'kuimba kawiri. Mluzu unatuluka wakuthwa, woposa wakale, moti galu wa pafupi anauwa.

Nkhunda zinadzidzimuka n'kuuluka zonse, kukatera padenga la anthu oyandikana nawo. Anaimbanso. Palibe inatembenuka. Zambiri mwa izo zinaswedwa malume ali chete, mluzuwo zinali zisanaumvepo.

Akazi awo anatuluka ndi chitini chija, osaganiza kanthu, n'kuchigwedeza kamodzi. Zonse zinatsika, ina mpaka kuwatera pamutu.

Malume anaima nthawi yaitali, lilime likusisita mano atsopano aja. Kenako anatambasula dzanja.

"Mayi, tandibwerekani chitinicho. Mumagwedeza bwanji?"