Nyimbo Zomwe Ndinkatumizira Ada

Ndinaganiza zopita ku Kepitauni tsiku lomwe loji ina ya ku Kande inatichotsa ntchito ife operekera zakudya. Ada, bambo anga, amene ankatsogolera kwaya ya mpingo wathu ku Chintheche kuyambira ine ndisanabadwe, sanandiletse. Anangoti opita kumeneko amabwerako ndi suti, koma khutu la nyimbo amalisiya komweko. Mawuwo anandiwawa, chifukwa ine ndinali tenala wawo.

Ntchito ndinaipeza pa lesitilanti ina pomwe Lamlungu masana pankayimbidwa jazi. Kumeneko ndiko ndinaonera vaibulafoni koyamba. Ili ngati valimba koma ya zitsulo, pansi pake pali mapaipi ndi chopondera. Mwini vaibulafoniyo, mdala wina dzina lake Bra Vusi, anandipeza tsiku lina ndikuipukuta mwaulemu wopitirira muyeso, basi n'kundipatsa tindodo tinayi ta mitu yaulusi. Miyezi itatu sanandilole kuyimba nyimbo iliyonse. Makodi okhaokha, ndiko kumenya zitsulo zingapo pamodzi, m'mawa uliwonse tisanatsegule, kiyi ndi kiyi, mpaka zala zinatuluka matuza. Kenako anandiphunzitsa kompingi, ndiko kumenya makodi pansi pa mnzako amene akutsogolera nyimbo, osamuphimba. Ankandikalipira kuti ndimadzaza paliponse ngati kondakitala wa minibasi, ndipo sankanama.

Ndinkasungulumwa koopsa. M'chipinda mwanga munali bedi ndi ketulo basi, ndipo panali masiku oti Chitonga ndinkalankhula ndekha kuti ndingochimva. Ndalama ndinkatumiza zochepa, mwamanyazi. Zomwe ndinkatumiza monyada zinali nyimbo. Ndinkatenga nyimbo zakutchalitchi zomwe Ada ankazikonda, kuziveka makodi a jazi, kujambula pa foni n'kutumiza kwa mlongo wanga Tiwonge kuti Ada amve. Yankho linkabwera lomwelomwelo: Ada amva, akuti mupitirize. Ndikati ndilankhule nawo, Tiwonge ankati ali kumunda wa chinangwa, mwinanso netiweki yavuta. Ine kupusa kwanga ndinkangoti mdala akuvutika kuvomera kuti analakwitsa.

Patatha zaka zinayi Bra Vusi anasiya kuyimba n'kundigulitsa chida chija. Ndinabwera nacho kwathu pa basi, chomasulamasula, chokulunga m'mabulangete. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: Ada ayimbe besi yawo, ine ndiwatsatire ndi makodi, avomere ndi pakamwa pawo kuti khutu sindinalisiye kunja.

Ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde, atafulatira msewu. Ndinaodira katatu, osatembenuka. Ndinaitana mokweza ndili pambuyo pawo penipeni, osatembenuka. Nditawagwira phewa anadzidzimuka mpaka ukonde unagwa.

Tiwonge anandikokera kuseri kwa nyumba. Anati makutu a Ada anafa chaka changa choyamba ku Kepitauni chisanathe, atadwala kwambiri, ndipo kwaya anaisiya kalekale. Ndiye kuti pa nyimbo zonse zija panalibe ngakhale imodzi yomwe anaimva. Ndinapsa mtima, ndinamunena wabodza, ndinanena ndi zina zomwe lero ndimachita nazo manyazi.

"Anandiletsa ndi iwowo, achimwene," anatero iye. "Ankati ndikakuuzani musiya kuyimba. Nyimbo ikafika, foni ankaigwira m'manja mpaka ithe."

Ndinalumikiza chidacho pabwalo. Ada anachizungulira, kusuzumira m'mapaipi, kenako n'kuima pafupi nane. Ndinaponda chopondera n'kumenya kodi yoyamba ya nyimbo yawo yapamtima. Iwo anatambasula dzanja n'kuliyala pa zitsulo kuti amve kunjenjemera kwake. Koma chitsulo cha vaibulafoni ukangochigwira chimasiya kulira. Ndinamenyanso, ndipo pansi pa chikhatho chawo panangomveka gu, gu.

"Chikulira, mwana wangu?" anafunsa mokweza, monga afunsira anthu osamva.

Ndinayang'ana Tiwonge, iye anayang'ana pansi. Ndinagwedeza mutu kuvomera, n'kumenya nyimbo yonse mpaka kumapeto, dzanja lawo lili pomwepo.