Malo Otsala m'Kachipangizo ka Chikepe

Abale, taimani pang'ono muone moyo wa bambo wina amene simunawamvepo, ngakhale kuti mwina munakwerapo chikepe choyenda ndi ntchito ya manja awo. Anzawo amangowatchula kuti Achikepe.

Chipinda chawo chili pansi pa nyumba ya kampani, chopanda zenera, chothina ndi makatoni. M'menemo amalemba malangizo oyendetsa zikepe zakale, ndipo pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa asembula imawasandutsa manambala olowa m'kachipangizo kochepa ngati chikhadabo. Malangizo akachuluka kuposa malo ake, chikepe chimaima pakati pa nsanjika, anthu ali momwemo. Wodziwa kuyeza malowo anali iwo okha. N'chifukwa chake abwana sankawalola kupuma pantchito, chikhalirecho akazi awo anali atafa ziwalo mbali imodzi.

"Bambo, kodi munakwatira chikepe?" anafunsa mwana wawo wamkazi, akutembenuza mayi ake pabedi kunyumba. "Ine msana watha."

"Pirira, mwanawe. Ndikuphunzitsa makina kuyankhula, kuti andimasule."

Ankafuna kuti asembula izinena yokha malo otsala pamene ikusandutsa malangizo. Poyamba, m'malo moyankha ndi nambala, inkangobwereza funso lawo ngati mwana wosamva masamu: mapeto kuchotsera chiyambi. Ndiye analemba makro, kalangizo koiumiriza kuwerengera kaye isanasindikize. Nambala itaoneka pa sikirini, anavula magalasi n'kuthokoza Mulungu, pakuti tsopano aliyense akanatha kugwira ntchitoyo.

Anaitana abwana, ndipo abwanawo anawerama n'kuyang'ana.

"Aa, Achikepe! Kani malo alipobe chonchi? Mumatibisira eti! Ndiye tiikemo malangizo aja otsitsa chikepe moto ukabuka. Mukamaliza amenewo, basi, mukapume."

Akanakana bwanji, poti okwera zikepezo ndi ana a anthu? Monga mbusa wa nkhosa uja wa m'Malemba amene apongozi ake anamuwonjezera zaka zogwira ntchito, Achikepe anavalanso magalasi. Mpaka lero ali m'chipinda chomwecho, pakuti akamaliza malangizo ena, abwana amabweretsa enanso. Nambala ija ikucheperachepera, koma siikufika pa ziro, ndipo akaweruka amakalandira mwana wawo ntchito yotembenuza mayi.

Ambuye, amene amawerenga ngakhale tsitsi la pamutu, awatsegulire khomo bambo amenewa akazi awo akali ndi moyo, ndipo alimbitse msana wa mwana wawo. Inunso owerenga, ngati mwaima pakati pa nsanjika, dzanja la Ambuye likufikitseni pansi mwamtendere.