Siwa ya Munthu Mmodzi

Esitere, mwana wa a Gervazio a ku Chongoni, anakulira m'dimba la kabichi ndi mbatata ya kachewere, ndipo Loweruka ankasenza dengu kukagulitsa pamsika wa Chimbiya. M'kalasi mutu unkagwira. Masisitere a kuparishi ndiwo anamupezera mwayi wokaphunzira unamwino ku Jeremani. Anthu pamudzi ankati kuzizira sikukamuvuta, si mwana wa ku Dedza? Ankadziwa chiyani iwo!

Anafikira m'nyumba ya mayi Kristina ndi amuna awo, anthu abwino, tisawanamizire. Anamupatsa chipinda chakechake, makiyi akeake, ngakhale mbali yake mufiriji. Koma ubwino wawo unali wa zii. Kumeneko ulemu ndi kutsekerana zitseko. Esitere, amene kwawo ankagona pamphasa imodzi ndi azing'ono ake, anasungulumwa mpaka kumalankhula ndi ketulo. Kuchipatala ankasambitsa nkhalamba za eni ndi kuzidyetsa, n'kumadabwa kuti ana awo ali kuti.

Chaka chachiwiri, m'mawa wina, foni inalira. Bambo ake, a Gervazio, anali atatsikira kulichete. Zobwerera kumudzi sizikanatheka, maliro kwathu sadikira ndege.

Esitere anachita zomwe mwana aliyense wa ku Chongoni akanachita. Anauza mayi Kristina, kenako anakankhira tebulo kukhoma kuti anthu apeze pokhala, anamanga duku, anayala chitenje pansi, n'kusiya chitseko chili pululu. Anakhala atatambalala, kudikira odzapepesa. Sankafuna zambiri ayi. Ankangofuna wina adzakhale naye pansi pomwepo, ngakhale osalankhula kanthu. Namfedwa sasiyidwa yekha.

Atamva mapazi pamasitepe, mtima unakhala pansi. Mayi Kristina anasuzumira, maso ali psuu, naika kapu ya tiyi ndi maluwa pakhomo.

"Pepa kwambiri, Esitere," anatero monong'ona. "Sitikusokoneza. Anzako akusukulu tawauzanso kuti asabwere, upume." Anatseka chitseko pang'onopang'ono.

Esitere anadzuka n'kutsekulanso. Patapita nthawi bambo wa m'nyumbamo anadutsa monyang'ama, nawonso anatseka mwaulemu wonse. Apa mtsikana sanadzukenso. Akanawaitana bwanji? Ndani anayamba wapemphapo anthu kuti abwere pamaliro? Zinamuwawa, ndipo choipa n'chakuti panalibe womukwiyira.

Masana mng'ono wake Sungeni anaimba foni ya vidiyo. Esitere anaona bwalo la kwawo litadzaza, azibambo ali pansi pa mtengo wa mapichesi, kwaya ya kutchalitchi ikuimba. Sungeni analowa m'siwa n'kupereka foni kwa amayi awo, omwe anali atapanikizidwa ndi azimayi uku ndi uku, wina atawagwira paphewa.

"Mwana wanga, usalire wekha," anatero amayiwo, mawu atasasa. "Anthu abwera kumeneko? Akukhala nawe?"

Esitere anayang'ana chitseko chotseka chija.

"Abwera, amayi. Angotuluka kumene."

"Aaa, Mulungu awadalitse. Uwauze kuti ife kuno tathokoza potisungira mwana."

"Ndiwauza."

Foni itaduka, Esitere anakhalabe pachitenje paja. Kenako anayamba yekha nyimbo imene kwaya inkaimba ija, motsitsa mawu kuti asasokoneze eni nyumba.