Tsiku limene Tikankhe anakana kukankhidwa

Inu owerenga, ine ndinalephera kufikitsa maliro a bambo anga kumudzi pa galimoto yawo yomwe, ndipo wolakwa ndinali ine ndekha. Mpaka lero wina akatchula za ku Sandwe ndimayang'ana pansi.

Bambo anali ndi pikapu yakale ya dizilo imene anagula ine ndisanabadwe, akugwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi ku Petauke. Anthu anaipatsa dzina loti Tikankhe chifukwa sitata yake inkagwira ikafuna. Ikakana, amuna anayi ankakankha, bambo n'kuika giya yachiwiri, n'kusiya kilachi, basi yalira. Kuchokera ku boma mpaka kwathu ku Sandwe, ndi amuna ochepa amene sanaikepo phewa pa galimotoyo. Inanyamula odwala, feteleza, akwati ndi maliro a anthu ambiri.

Maso a bambo atachita khungu, anandipatsa makiyi ndi pempho limodzi lokha: tsiku lawo likadzafika, Tikankhe ndiye adzawaperekeze kumudzi. Ndinavomera.

Koma ine ndinali wonyada. Ndimagwira ntchito ya muofesi, ndipo zinkandiwawa kukankhidwa nditavala taye, anzanga akuseka kuti galimoto yanga imayendera thukuta la anthu. Nditamva kuti ku Nyimba kuli galimoto yamakono imene inagubuduka koma injini yake ili bwinobwino, ndinathamangira komweko. Makanika wa kumeneko, a Tembo, anandichenjeza kuti injiniyo imayendera kabokosi ka kompyuta kodana ndi madzi, ndiponso kuti giya ya otomatiki silira ndi kukankha. Ndinawayankha kuti kukankhako ndiko ndikuthawa.

Tinasintha injini, giyabokosi, mipando, ngakhale hutala. Cha bambo chinatsala ndi bodi ndi nambala basi. Injini yakaleyo ndinagulitsa kwa msuweni wanga wa ku Sandwe amene ankafuna yoyendetsera chigayo, ndipo ndinamuuza kuti asunge pakamwa.

Tsiku limene ndinabwera nayo kunyumba, bambo anali pakhonde. Anatchera khutu.

"Ni motoka ya ndani yabwela?"

Ndinanama kuti ndi Tikankhe yemweyo, angomutsuka injini. Anadzuka, anapapasa chitseko, anapapasa mpando, nabwerera pakhonde. Kuyambira pamenepo sanapemphenso kukwera, ine n'kumati ndi ukalamba.

Anamwalira m'dzinja, mvula ili pakati. Tinanyamuka ku Petauke m'mawa, bokosi lili kumbuyo, amayi ndi azimayi a mpingo atakhala m'mbali mwake akuimba. Tinafika pa kamtsinje kena kamene Tikankhe wakale ankangowoloka akutsokomola. Madzi analowa m'kabokosi kaja, injini n'kuzima pakati pa mtsinje.

Amuna a m'midzi yapafupi anabwera osaitanidwa, pakuti galimotoyo ankaidziwa. Anavula nsapato, napinda mabuluku. Mkulu wina waimvi anamenya bodi ndi chikhato.

"Ikani giya yaciwili, mwana wa a Phiri. Atate anu tiwakankhe kotsiliza."

Anaitulutsa m'madzi, anakwera nayo mtunda, naithamangitsa kutsetsereko, matope mpaka m'mawondo, akudikira kuti ilire. Ine ndinagwira chiwongolero ndikudziwa kuti siingalire, pakuti kuphazi kwanga kunalibe ngakhale kilachi yoponda. Ndinawasiya azibambo aja akankhe kanayi ndisanaulule. Ichi ndicho chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Nditanena zoona palibe ananditukwana. Anangochotsa manja pa galimoto, wina n'kupita kukabwereka ngolo ya ng'ombe.

Bambo anafika kwawo pa ngolo, dzuwa litapendeka, ine ndikuyenda pambuyo. Tikulowa m'mudzi tinamva chigayo chikugaya ufa wa pamaliro. Kaliridwe kake palibe amene akanakasokoneza, anali Tikankhe weniweni. Amayi anasiya kuimba, nandiyang'ana.

"Anali kudziwa," anatero motsitsa mawu. "Anati nisakufunse, uzakamba wekha."

Ine sindinakambe, ndipo munthu woti ndimuuze tinamuika m'manda mawa lake.

Inu owerenga, sindikuti galimoto yakale isamakonzedwe. Koma musanamasule bawuti yoyamba, funsani kaye ngati chimene mukuchiyesa chilemacho si ndicho chimaifikitsa kumene imapita. Ine ndinaona chikomekome cha mkuyu, nyerere zake ndinakazipeza pakati pa mtsinje. Ndipo ngati chinthu munachita kupatsidwa, mwini wake ali moyo, muuzeni zoona akadali womva.

Pikapu ija ili kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Injini ya bambo ikugayabe ku Sandwe, ndipo m'mawa kukazizira imafunabe amuna anayi okoka lamba kuti ilire. Ndikapita kumudzi ndimavula jekete, n'kukaima nawo pamzere.