Mwezi Umene Agogo Anandiletsa Kugwada

Fodya akamauma m'chigafa pamakhala kafungo kena kotsekemera koma kokanda kukhosi, ndipo ndikangokamva, ngakhale lole ya mabelo ikamadutsa pamsewu, mawondo anga amayamba kufewa okha. Amakumbukira agogo a Nambewe, amene anandilera kwathu ku Kabudula. Ndimawaona atakhala pamkeka m'chigafamo, atatambasula miyendo, akusoka masamba ndi manja akuda bii ndi utomoni, nkhuku zikupalasa pambali, iwo akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi koma diso lili pa mwana aliyense wodutsa.

Agogo anali mlangizi wa atsikana mumpingo, ndipo ine ndinali chionetsero chawo. Popereka madzi, kugwada. Poyankha moni, kugwada. Polankhula ndi wamkulu, maso pansi, mawu pang'ono. Amayi a m'mudzi akamakalipira ana awo ankatchula dzina langa, moti anzanga ankadana nane, ndipo sindiwaimba mlandu.

Nditamaliza Fomu 4 ndinangokhala pakhomo kusoka fodya, mpaka anandiitana ku intavyu ku sukulu ya unamwino. Malo anali ochepa. Kulephera kunali kubwerera m'chigafa, komanso panali mnyamata wina wa kabaza amene amalume ankamutchula pafupipafupi kuposa mmene ndinkafunira.

A Kamwendo, aphunzitsi opuma pantchito amene tinkayandikana nawo nyumba, anadzipereka kundiyesa. Ndinagwada pakhomo pawo n'kuyankha mafunso onse bwinobwino ndikuyang'ana nsapato zawo. Anandiperekeza kwa agogo akupukusa mutu. Anati nzeru zilipo, koma ku intavyu munthu amalowa choimirira, amakhala pampando, amayang'ana ofunsawo m'maso ndi kulankhula mokweza. Akapanda kutero amati ngwamantha, sangagwire wodwala.

Agogo anawayang'anitsitsa mpaka ndinaganiza kuti aphunzitsiwo athamangitsidwa.

"Ndinamumanga ndine," anatero. "Ndimumasulanso ndine."

M'mawa mwake chigafa chinasanduka ofesi. Agogo anavala jekete la malemu amuna awo n'kukhala pakati, kumanja a Kamwendo, kumanzere belo la fodya lovekedwa chipewa, limene anati ndi adokotala. Ndinagogoda pansanamira, ndinalowa, mawondo n'kundigwetsa okha.

"Dzuka. Wataya chiyani pansipo?"

Ndinatuluka n'kuyambiranso. Ulendo uno ndinakhala pampando n'kuwayang'ana m'maso, kwa nthawi yoyamba chibadwire. Nkhope yawo inasintha.

"Iwe, ukundituzulira maso ngati ndine mnzako?"

A Kamwendo anawakumbutsa mwaulemu kuti n'zimene tinkafuna. Agogo analamula kuti ndiyambe kaye ndi adokotala. Tsiku lonselo ndinayang'anitsitsa belo lopanda maso, ndikulifotokozera mokweza mbiri ya moyo wanga.

Zinapitirira choncho. Ndikagwada ankandikalipira, ndikapanda kugwada ankapumira m'mwamba ngati akukwera chitunda. Atandifunsa chifukwa chimene ndinkafunira unamwino, ndinalakatula zimene ndinaloweza za kutumikira dziko. Anandidula pakamwa. Anati ndikunama, dziko sindikulidziwa n'komwe, m'malo mwake ndikanene za tsiku limene iwo anadzitema ndi chikwanje, aliyense akuthawa magazi, ine n'kuwamanga balalo ndi mpango wanga.

Tsiku lina amayi a chigwirizano anatulukira mwadzidzidzi. Anandipeza nditakhala pampando, mutu uli njo, ndikuyankha agogo mokweza. Pofika Lamlungu mpingo wonse unali utamva kuti mdzukulu wa alangizi walowerera, ndipo amayi ena anasiya kutumiza ana awo kwa agogo. Ulemu umenewo agogo anaugwirira ntchito moyo wawo wonse, koma sanadandaule, sanadzikanirenso. Zinandipweteka kwambiri. Madzulo ake ndinawapempha kuti tingosiya, iwo anangondiuza kuti ndikatenge chipewa cha adokotala.

Pa tsiku la intavyu, nditangotsegula chitseko, mawondo anayamba zawo zija. Ndinamva mawu m'mutu akundifunsa chimene ndataya pansi, ndipo ndinakafika pampando. Adokotala enieni anali kumanzere, onenepa, osalankhula. Ndinawayang'ana ngati munthu amene tinadziwana kalekale, ndikulimbana ndi phwete, n'kuwafotokozera za chikwanje chija.

Zotsatira zitatuluka ndinathamangira m'chigafa, ndinaima pamaso pa agogo n'kuwauza mokweza kuti anditenga. Manja awo anaima. Misozi inalengeza, anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Intavyu ija inatha, eti?"

"Inatha, agogo."

"Nanga waimiranji?"

Ndinagwada, ndipo a Kamwendo, amene anali pomwepo, anaseka mpaka kutsokomola.

Lero ndine namwino, ndipo anzanga amandiseka kuti yunifolomu yanga imayamba kutha m'mawondo. Ndikapeza munthu wachikulire atagona pabedi lotsika kapena pansi, ndimagwada kuti nkhope zathu zilingane, kenako ndimamuyang'ana m'maso, chifukwa ululu umene wamkulu akubisa umaonekera mmenemo. Agogo atadwala matenda awo omaliza ndinawachitira zomwezo, jakisoni ali m'manja. Anali atafooka kwambiri, koma ananditsinzinira diso limodzi mondidzudzula.

"Maso akowo sanasinthe," ananong'ona. "Koma poti wagwada, baya."